Mabotolo Atatu a Mayi Mphuno

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za upolisi wake, Sajenti anali ataona akuba a mitundu yonse: olira, olumbira pamanda a amayi awo pamene amayiwo ali moyo, ngakhale wina amene ankakomoka dala akangoona cholembera. Koma wakuba wovomera mlandu asanafunsidwe bwinobwino, kenako n'kukhala phee manja ali pamaondo, uyu anali woyamba. Sajenti anali mayi wa mtima wapachala, koma pa ntchito sankadya mfulumira, ndipo mlandu wobwera wophikaphika ankaukayikira.

Fayilo inali ya tsamba limodzi. Wodandaula anali Mayi Mphuno, mwini shopu ya mafuta onunkhira, sopo ndi makandulo. Woganiziridwa anali mkazi wa malemu mchimwene wawo, amene anagwira ntchito m'shopumo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo msewu wonse unkangomutchula kuti Mlamu. Katundu wobedwa anali mabotolo atatu a mafuta. Anamugwira Lachinayi, ndipo tsopano linali Loweruka m'mawa.

"Mabotolowo munatengadi?" anafunsa Sajenti.

"Ndinatenga."

"Munagulitsa?"

"Ayi."

"Ndiye ali kuti?"

Mlamu anayang'ana zala zake. Zinali zala za munthu wogwira ntchito, zodzaza timabala takale ta phula lotentha.

"Mayi, ndikuuzeni mosabisa mawu," anatero Sajenti. "Lolemba mukaonekera kukhoti, ndipo mwavomera kale. Ntchito itha. Chipinda chimene mumagona kuseri kwa shopu chipita. Mwana wanu uja ali kwa aneba, azidzakuonerani pawaya. Zonsezi chifukwa cha timabotolo tosakwana n'chikhatho chomwe? Munatengeranji?"

Mlamu atamva za mwana anadzutsa mutu, koma mawu anatuluka osalala.

"Lembani kuti ndinatenga, a Sajenti. Zinazo zisiyeni."

Sajenti anatseka fayilo. Zinazo ndi zimene ankazifuna.

* * *

Shopuyo inali yachitatu pamzere wa mashopu asanu, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Ukangokankha chitseko fungo linkakulandira ngati mwini nyumba. Kutsogolo kunali mashelefu a sopo wodulidwa ndi mpeni, makandulo a m'timatambula ndi mafuta osisitira thupi. Kuseri kwa katani kunali tebulo lalitali, kachitofu ka magetsi katanyamula poto wa phula, ndi shelefu imodzi ya timabotolo tabulauni tofanana ngati mapasa. Panali malo a mabotolo makumi anayi, koma mipata itatu inali yopanda kanthu.

Mayi Mphuno anali aatali, oyera tsitsi, oyankhula mutu uli m'mwamba. Dzinali anapatsidwa kalekale, chifukwa ankatha kukuuza sopo amene wasambira iwe usanapereke moni.

"Ndinamutenga mchimwene wanga atamwalira," anatero. "Iye ndi khanda kumsana. Ndinamuphunzitsa kudula sopo, kuthira makandulo, kukulunga katundu. Lero wandithokoza pondibera mafuta anga a duwa la rozi. Mukudziwa kuti kabotolo kamodzi ka rozi kamaposa mtengo wa makina a telala uyo? Watenganso a jasimini ndi a lavenda. Wasankha, sanatole mwangozi."

"Amene amasakaniza mafuta ndani?"

"Ine ndekha. Kuseri kuno kusakaniza ndi kwa dzanja limodzi."

Sajenti anayendetsa maso pashelefu. "Palibe botolo lolembedwa. Mumadziwa bwanji kuti atatu asowawo ndi amenewo?"

"Lebulo ndi ya anthu opanda mphuno, mwanawe. Zaka makumi awiri ndi zitatu sindinalembepo botolo. Ndimatsegula, ndimva, ndithira, ndibwezera pomwe dzanja lafika." Kenako anaika chala pa botolo la kukhoma n'kuyamba kuwerenga, milomo ikugwedezeka ngati mwana wa sukulu. "Lachisanu ndi chiwiri, rozi. Lakhumi ndi chimodzi, jasimini. Ili apa, lavenda."

Apa n'kuti Sajenti atayamba kale kumva kena kake. Pansi pa fungo lokoma lija panali kukwera lina lowawa, lokanda pakhosi. Anatsokomola. Mayi Mphuno anapitiriza kufotokoza za kusayamika kwa anthu a masiku ano, poto ali kumbuyo kwawo, pafupi moti akanatambasula mkono akanamukhudza. Sajenti anadikira dala. Maso ake anayamba kutuluka misozi.

"Mayi," anatero potsiriza, "poto wanu."

Mayi Mphuno anatembenuka, n'kuona utsi. Anazimitsa chitofu mwachangu.

"Ndinamva kale," anatero osamuyang'ana. "Ndimafuna ndimalize kaye mawu."

* * *

Amene anaona Mlamu akutuluka ndi katundu anali mlonda wa masana, bambo wachikulire wa yunifolomu yositidwa mpaka kuthwa. Atangoona Sajenti anaimirira njo, n'kuyang'ana wotchi yake ngati kuti nayonso ipereka umboni.

"Lachitatu, bwana. Nthawi inali hafu wani, kupitirira ndi mphindi ziwiri. Mwini shopu anali atapita kukadya. Woganiziridwayo anatuluka ndi chikwama chabuluu, ndipo m'chikwamamo munkamveka ngwe ngwe."

"Ankathamanga?"

"Ayi bwana. Anandipatsa moni, anafunsa za bondo langa. Kenako lamba wa nsapato yake anamasuka, ndiye anati, agogo tandigwirirani chikwamachi." Bamboyo anatsitsa mawu. "Ine ndalondera zaka zambiri, bwana. Sindinaonepo wakuba wogwiritsa mlonda katundu wakuba."

"Analowera kuti?"

"Anakwera basi ya kumsika. Anabwerako twenti pasiti thuu, chikwama chili pepuu. Mawa lake mwini shopu atandifunsa, ndinanena zimene maso anaona. Ndi ntchito yanga." Anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati. "Koma chakudya sichikundilowa chiyambire Lachinayi, bwana. Ndinene zoona."

Telala wa khomo loyandikana sanadikire kufunsidwa. Anali atamvetsera zonse pawindo, mapini ali kukamwa, tepi ili m'khosi.

"A Sajenti, lowani, musaope, sindikuyezani. Mukufuna za Mlamu? Uyo akatola ndalama pamsewu amayenda nayo khomo ndi khomo mpaka mwini wake atopa n'kuvomera. Ine ndikanakhala wapolisi ndikanamanga wokonza mafoniyo, nkhope yake ndi ya mlandu."

"Panachitika chachilendo chilichonse masiku apitawa?"

"Chachilendo ndi mtendere. Onani, ine ndimasuta, tchimo langa ndi limenelo. Kale ndikangoyatsa ndudu kuseri kwa khoma, ndisanakoke kawiri, mayi aja atulukira kale ndi tsache. Wandiphera makandulo, wandiphera makandulo. Zaka zisanu ndi zinayi akundithamangitsa. Koma chidwalire chimfine chachikulu chija, miyezi itatu yapitayo, zii. Ndimasutira pakhomo pawo penipeni, amangondipatsa moni. Ndinkati mwina atembenuka mtima."

Sajenti analemba mawu awiri m'kabuku kake, n'kuwazunguliza.

"China?"

Telala analavulira mapini m'dzanja. "Lachiwiri kunabwera mayi wa saluni ya kumsika, kasitomala wawo wamkulu. Dzuwa likuswa mtengo, iye wadzikulunga sikafu m'khosi ngati kuli chisanu. Nkhope ili gwaa. Mwamwayi mwini shopu kunalibe. Mlamu anamukokera kuseri, ndipo ananong'onezana pafupifupi ola lathunthu. Khoma ili n'lopyapyala, koma tsiku limenelo linandikhumudwitsa. Ndinangomva mawu amodzi."

"Otani?"

"Chonde."

* * *

Saluniyo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, yodzaza ndi phokoso la madiraya oumitsira tsitsi. Mwini wake anali mayi wonenepa wa zikhadabo zofiirira, woyankhula ngati akuthamangitsidwa. Atamva kuti Mlamu wagona m'chitolokosi masiku awiri, chipeso chinamugwa m'manja.

"Wamangidwa? Mlamu? Inu musandiuze zimenezo. Ndani wam'manga? Bwerani kuno, bwerani."

Anamulowetsa Sajenti m'kachipinda kosisitira makasitomala, n'kutseka chitseko ndi chidendene. Kenako anamasula sikafu. Kuyambira pansi pa khutu mpaka paphewa khungu linali lofiira, losupuka, matuza ena ataphulika kale.

"Mwaona? Awa akuti ndi mafuta a lavenda, othandiza munthu kugona. Ndinagona ine? Ndinavina usiku wonse ngati ndakhalira nyerere. Mwayi wake ndimayamba ndayesa pathupi langa chilichonse chatsopano. Tangoganizani, akanakhala kasitomala? Kapena mwana? Ndinapita kuja mtima uli m'mwamba, ndimati ndikatukwane mpaka mashelefu agwe. Mlamu ananunkhiza botolo kamodzi kokha, nkhope yonse inasintha. Anati munalowa sinamoni, wochuluka kwambiri, m'malo mwa lavenda. Anandigwadira, a Sajenti, mayi wamkulu ngati uja. Anati cholakwa ndi chake, ndisauze munthu. Mabotolo onse khumi ndi awiri amene ndinagula anabwera kudzawatenga yekha."

"Koma iye sasakaniza."

"Nanga ine sindikudziwa? Ndinangomumvera chisoni." Mayiyo anawerama n'kukoka bokosi la matawulo pansi pa bedi. "Ndiye Lachitatu anabwera ndi awa. Anati ndimusungire, ndisatsegule, adzatenga zinthu zikakhala bwino."

Timabotolo titatu tabulauni, zivindikiro zitamatidwa ndi tepi. Sajenti anachotsa tepi n'kununkhiza limodzilimodzi. Sanali katswiri, koma apa sipankafunika ukatswiri. Loyamba linali sinamoni, lotentha mpaka m'maso. Lachiwiri linamuyetsemulitsa, tsabola. Lachitatu linali bulugamu, fungo la mankhwala opaka pachifuwa. Duwa munalibe ngakhale pang'ono.

"Ananena chifukwa chake anasankha amenewa?"

"Anati amenewa ndi amene amawotcha khungu akachuluka. Anati akachoka pashelefu, chinthu chikhoza kununkhira molakwika koma sichingavulaze munthu. Ine sindinamvetse, ndipo sindinafunse. Ndinali ndi mitu isanu ikundidikira."

Sajenti anatseka timabotolo tija. Mlandu unali utatha, ndipo sanasangalale nawo ngakhale pang'ono.

"Muli ndi kabotolo kabulauni kopanda kanthu, kotsuka bwino?" anafunsa. "Ndipo mpopi wanu uli kuti?"

* * *

Anabwerera kushopu cha m'ma fili koloko. Munalibe kasitomala. Mayi Mphuno anali kuseri kwa katani akupala phula lopserera m'poto, ntchito imene mwachionekere manja awo anali ataiiwala.

"Tapeza botolo limodzi," anatero Sajenti. "Tikufuna mwini wake alitsimikize. Kodi ndi la rozi lija?"

Mayi Mphuno anapukuta manja. Analandira kabotoloko, anatsegula, n'kukayendetsa pansi pa mphuno kuchokera kumanzere kupita kumanja, maso ali tsinzinu. Ankachita mokongola, monga munthu amene wachita chinthu kambirimbiri. Sajenti anadzimva ngati wakuba iyeyo.

"Ndi lomweli," anatero Mayi Mphuno. "Rozi wanga. Ndingamudziwe ngakhale ndili m'tulo."

"Mayi, m'menemo muli madzi a pampopi."

Kunja makina a telala ankalira. Mayi Mphuno anapendeketsa kabotoloko pachikhatho, ndipo madzi anayenderera pakati pa zala mpaka pansi. Anakhala pampando pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakalamba nthawi yomweyo.

"Ndikhululukireni," anatero Sajenti. "Njira ina ndinalibe. Chiyambire chimfine chija, eti?"

Mayi Mphuno anavomera ndi mutu. Mawu atabwera sanali a mayi wa mutu m'mwamba uja.

"Ndinadzuka tsiku lina dziko lonse lili ngati pepala. Ndinati mawa zibwerera. Adokotala anati mwina, mwinanso ayi. Ndiye ndinayamba kuloweza malo a mabotolo, kuwerenga kuchokera kukhoma. Koma dzanja ili linazolowera kubwezera paliponse. Limachita lokha ine ndisakuona." Anayang'ana Sajenti. "Anthu sagula sopo kuno, mwanawe. Sopo ali paliponse. Amagula mphuno yanga. Akadziwa kuti yafa, ine ndine ndani? Nkhalamba yokhala ndi mabotolo."

Sajenti anatulutsa timabotolo titatu tija n'kutiika patebulo. Anafotokoza zonse mosathamanga: khosi la mayi wa saluni, mabotolo khumi ndi awiri, kugwada kuja, ndi chimene chinali m'botolo lililonse.

"Rozi wanu sanachoke pashelefu. Ali penapake pamenepo. Alamu anu anatenga okhawo amene akanakupezetsani mlandu wovulaza munthu."

"Ndiye kuti akudziwa."

"Ndikuganiza kuti anadziwa kalekale."

Mayi Mphuno anaphimba kukamwa ndi dzanja. "Mwezi watha ndinapeza timapepala tomata kunsi kwa mabotolo, tolembedwa tizilembo tating'ono. Ndinatichotsa tonse. Ndinamunena kuti akufuna kuba nzeru zanga akatsegule shopu yake. Anangoti pepani alamu." Misozi inayamba kutsika osaipukuta. "Ndipo kupolisi sananene?"

"Masiku awiri. Akuti tilembe kuti anatenga, zinazo tizisiye. Akufuna apite kundende ndi chinsinsi chanu."

"Ndichite chiyani?"

Apa Sajenti sanafune kunyengerera. "Mlandu umene munthu wavomera kale sungafufutike ndi chala. Muyenera kubwera kudzalemba chifukwa chake mukuuchotsa, chifukwa chenicheni, pakuti khosi la mayi uja lilowa m'fayilo. Pepalalo liwerengedwa ndi anthu angapo, ndipo anthu ali ndi pakamwa. Pofika Lachitatu msewu uno udzakhala utamva. Sindikunamizani. Mukapanda kubwera, ine ndilemba zimene ndapeza, koma alamu anu akakana zonse pamaso pa woweruza, ndawaona mmene alili. Akulu amene amasaina zotulutsa anthu aweruka faifi koloko, ndipo sabweranso mpaka Lolemba."

Mayi Mphuno anayang'ana shelefu yawo, zaka makumi awiri ndi zitatu zili ndandanda. Sajenti anatola chipewa chake n'kutuluka.

* * *

Loweruka madzulo kupolisi kumadzaza. Pabenchi panali anthu a mafoni obedwa, awiri omenyana chifukwa cha malo oimikapo galimoto, ndi mayi wina wofuna kalata. Mlonda uja analiponso, atanyamula buledi ndi botolo la mkaka za Mlamu, ndipo telala anamuperekeza, akuti kudzaona ngati yunifolomu za apolisi zikufuna kusokedwa. Mayi wa saluni anafika ndi sikafu yake, wokonzeka kupereka umboni kwa aliyense amene angaime.

Sajenti ankayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo mtima wapachala uja unali utayamba kuwira. Hafu folo inadutsa. Kota tu faifi. Anali atayamba kukonza m'mutu mawu oti akamuuze Mlamu, ndipo onse anali oipa.

Mphindi khumi zisanakwane faifi, chitseko chinatseguka. Mayi Mphuno analowa atavala diresi yawo yabwino, chikwama chili m'khwapa, mutu uli m'mwamba monga mwa masiku onse. Sanapereke moni kwa aliyense.

"Ndipatseni pepala," anatero.

Analemba ataimirira pakauntala, mizere isanu ndi umodzi, n'kusaina. Sajenti anawerenga. Zonse zinalimo, osachotsa kanthu. Anathamanga nalo yekha ku ofesi ya akulu, n'kuwapeza atanyamula kale makiyi a galimoto.

Atamutulutsa Mlamu, anaima pakhomo la kakhonde akuphethira chifukwa cha kuwala. Diresi yake inali yokwinyika, tsitsi lili nyankhalala, mapazi opanda nsapato. Fungo la m'chitolokosi linatuluka naye limodzi, la thukuta, ndowa ndi bulangete la anthu ambiri, moti amene anali kumapeto kwa benchi anatembenuza nkhope. Ataona alamu ake, maso ake anathamangira kwa Sajenti, odzaza ndi mantha ndi funso. Sajenti anangoyang'ana pansi.

Mayi Mphuno anaika chikwama pakauntala n'kuyamba kuyenda, manja atatambasula. Mlamu anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Ayi alamu, musandiyandikire," ananong'ona mwamanyazi. "Ndikununkha."

Mayi Mphuno sanaime. Anamukumbatira, n'kuika nkhope yawo m'khosi mwake momwemo, nthawi yaitali. Kenako anadzutsa mutu, ndipo sananong'one. Anayankhula moti telala, mlonda, mayi wa saluni ndi benchi yonse anamva.

"Sindikumva kanthu, mlamu wanga. Miyezi itatu tsopano sindikumva fungo lililonse. Tiye kunyumba, mwana akudikira."